Funsani Anamwino: "Ndikaganiza za tsiku lochira, tulo timathawa"

FUNSO

Anamwino,

Ndine mayi wa zaka 22, ndimakhala pafupi ndi msika wina m'boma la Dowa ndipo ndimagulitsa m'golosale ya amuna anga. Ndili ndi pakati poyamba, pa miyezi isanu ndi iwiri. Anthu akuona ngati ndikusangalala, koma mumtima muli zina. Zaka zitatu zapitazo msuweni wanga amene tinakulira nyumba imodzi anamwalira pochira, anataya magazi ambiri. Mwana anatsala, akuleredwa ndi agogo ake. Pamaliro ndine amene ndinabereka khandalo kumbuyo tsiku lonse.

Chiyambireni mwana kugunda m'mimba sindigona. Ndikatseka maso ndimaona bokosi lija, mtima n'kuyamba kuthamanga, m'manja thukuta lokhalokha. Kusikelo ndinapita kawiri, ulendo wachitatu ndinabwerera pageti nditamva mayi wina akukuwa mu leba. Mwezi watha amayi akuluakulu anabwera kudzandilangiza, ndiye zinafika poipa. Anati ndikakalira kapena kutseka miyendo ndidzapha mwana, ndipo mlandu udzakhala wanga. Apongozi amangoti "tonse tinadutsa momwemo", amuna anga amati ndizipemphera. Ndimapemphera ndithu. Usiku ndimaonera mavidiyo a amayi akubereka pafoni kuti mwina ndizolowere, koma m'pamene ndimayamba kunjenjemera.

Achemwali anga a ku Johannesburg akuti kumeneko amayi onga ine amapita kwa akatswiri a maganizo. Kodi n'zoona kuti mantha angathe ndi kucheza chabe? Kapena ndayamba misala? Kapena ndi malodza oti nane ndikatsikira komweko? Nanga ndingapemphe adokotala kuti adzangondipanga opaleshoni ine ndili mtulo?

Wodandaula, Dowa

YANKHO

Mwana wanga, undilole ndikutche iwe, pakuti uli msinkhu umodzi ndi mzime wanga.

Sunayambe misala, ndipo awa si malodza. Tamvera mmene timayankhulira ife eni. Mayi woyembekezera timati ndi wodwala. Nthawi ikakwana timati matenda ayamba. Akabereka timati wachira. Ngakhale mawu oti "pakati" akuluakulu amawamasulira kuti pakati pa moyo ndi imfa. Mtsikana amene wakula akumva mawu amenewa, kenako n'kubereka kumbuyo khanda la msuweni wake pamaliro, angalephere bwanji kuopa? Ndikanadabwa ukanalemba kuti ulibe nkhawa.

Komabe mantha ali pawiri. Alipo aja amene mayi aliyense wa mimba yoyamba amakhala nawo, amabwera n'kupita, munthu n'kumadya, kugona ndi kugulitsa m'golosale bwinobwino. Ndiye pali ako, olanda tulo ndi kubweza munthu pageti la chipatala. Amenewa ali ndi dzina m'mabuku a zachipatala, amati tokophobia. Dzinali linatchuka mu 2000 pamene madokotala awiri a ku Britain, Kristina Hofberg ndi Ian Brockington, analemba za amayi amene ankaopa kubereka mpaka ena kupewa kutenga pakati chikhalirecho mwana akumufuna. Akatswiri ena ataphatikiza kafukufuku wa m'maiko osiyanasiyana mu 2017, anapeza kuti amayi oyembekezera pafupifupi 14 pa 100 alionse ali ndi mantha aakulu otere. Kuno kwathu kafukufuku wa Madalitso Khwepeya ndi anzake, amene anatuluka mu 2018, anapeza mayi mmodzi mwa asanu. Ndiye pabenchi lija la kusikelo, pakakhala amayi 20, anayi akumva zimene ukumva iwezo. Angomanga chitenje bwino n'kukhala chete, basi.

Chifukwa chimene sindikuuzira kuti "limba mtima" n'kulekera pomwepo n'chakuti mantha amagwira thupi. Chiberekero chimakankha mwana mothandizidwa ndi timadzi ta m'thupi totchedwa oxytocin, ndipo timadziti timayenda bwino munthu akakhala kuti mtima uli m'malo. Amene anawetapo mbuzi akudziwa kuti ikafuna kuswa imasaka pakona pachete. Munthu akaopa, thupi limatulutsa timadzi tina totchedwa adrenaline, minofu imakungika, ululu umamveka kwambiri, ululuwo n'kuwonjezera mantha. Dokotala wina wa ku England, Grantly Dick-Read, anafotokoza za kuzungulira kumeneku kalekale m'zaka za m'ma 1930. Koma chimene chandidetsa nkhawa kwambiri m'kalata yako si chimenecho. Ndi geti lija. Kusikelo n'kumene amayeza ngati magazi ako ndi okwanira, amakupatsa mapiritsi owonjezera magazi ndi oteteza malungo, amayeza BP, amaona mmene mwana wagonera. Mayi wochepa magazi ndi amene amavutika msanga akataya magazi pochira. Waona mmene manthawa akukupusitsira? Akukuthawitsa kumalo kumene kuli chitetezo cha chinthu chenichenicho chimene ukuopa. Undilonjeze kuti sabata ino ubwerera, ngakhale miyendo ikunjenjemera.

Achemwali ako sananame. Ku Sweden kuli magulu a azamba otchedwa Aurora amene ntchito yawo ndi kukhala pansi ndi amayi oopa kubereka. Ku Finland, Hanna Rouhe ndi anzake anatenga amayi 371 a mimba yoyamba amene anali ndi mantha aakulu, n'kuwagawa pawiri mwamaere. Gulu lina linkakumana ndi katswiri wa maganizo kasanu ndi kamodzi asanachire, kuphunzira za kubereka, kukamba za mantha awo ndi kuyeserera kumasula thupi. Zotsatira zinatuluka mu 2013: mwa ophunzitsidwawo, 63 pa 100 alionse anachira okha bwinobwino, pamene gulu linalo sanakwane n'theka lomwe. Usaganize kuti ndi zachizungu zokha. Ku Harare, Dr Dixon Chibanda anaphunzitsa agogo aakazi kukhala pabenchi panja pa chipatala n'kumathandiza anthu ovutika ndi kuganiza kwambiri, ntchito imene imatchedwa Friendship Bench. Ndipo muno m'Malawi, kafukufuku wa Berlington Munkhondya ndi anzake wa mu 2020 anaonetsa kuti amayi a mimba yoyamba akaphunzitsidwa za kuchira pamodzi ndi owadikirira, mantha amatsika.

Koma si kucheza wamba kwa pachitsime. Njira imene akatswiri amagwiritsa ntchito kwambiri imatchedwa CBT, ndipo mutu wake ndi wakuti ganizo, mmene thupi likumvera ndi zimene munthu amachita zimakokana ngati ng'ombe za pangolo. Ukakhota imodzi, zinazo zimatsatira. Ndikufotokozere mmene ine ndinkachitira ndi atsikana onga iwe m'zaka zanga zomaliza ndisanapume pantchito. Ndinkawauza kuti abwere ndi kope la pulayimale ndi bolopeni.

Funso langa loyamba linkakhala lakuti: kuyambira 0 mpaka 10, mantha ako ali pati lero? Lachiwiri: ukuopa chiyani kwenikweni? Ambiri ankayankha kuti "zonse". Mantha akakhala mtolo umodzi sanyamulika, tinkayenera kumasula chingwe n'kuona nkhuni imodziimodzi. M'kalata yako ndawerengamo zinayi: kufa ndi kutaya magazi, ululu, kulira n'kupatsidwa mlandu, ndi kukhala wekha pakati pa anthu osawadziwa.

Tiyambe ndi yolemera. Lemba pamwamba pa tsamba ganizo lija monga limabwerera usiku: "Nane ndikafa ngati msuweni wanga." Kumanzere lemba zimene zikuvomereza ganizolo, kumanja zimene zikulitsutsa. Sindikunamiza kuti palibe amene amamwalira, iwe waona ndi maso. Kafukufuku wa boma wa zaumoyo anaonetsa kuti mu 2004 amayi 984 ankamwalira pa ana 100,000 alionse obadwa amoyo, mu 2010 anali 675, pofika 2015 ndi 2016 anali 439. Chiwerengerochi chikadali chochititsa manyazi dziko. Koma tachitembenuza: pa amayi 100 alionse, oposa 99 amabwerera kunyumba. Usiku mutu wako umakuonetsa mmodzi yekha uja, enawo umawabisa. Kumanja kuja lembanso izi: mwana akangobadwa mzamba amabaya jakisoni wa oxytocin pantchafu kuti chiberekero chikungike magazi asatayike, amaona ngati nsengwa yatuluka yonse, amasisita pamimba, ndipo magazi akapitirira pali diripi ndi mankhwala ena. Lembanso mayina a amayi onse amene ukuwadziwa amene anachira bwino, kuyambira amene anakubereka iwe. Udzaona tsamba likuchepa.

Pali china chimene ndikuganiza kuti palibe anakufunsa. Kodi msuweni wako unamulira? Tsiku la maliro unali ndi khanda kumbuyo, wotanganidwa ndi botolo la mkaka. Nthawi zambiri chimene chimaoneka ngati mantha a kutsogolo chimakhala chisoni cha m'mbuyo chimene chinasowa mpata. Upeze munthu mmodzi wodekha, azakhali kapena mayi wa kumpingo amene sathamangira kudzudzula, umufotokozere nkhani yonse kuyambira pamene uthenga unafika. Ngati ungathe, ufunse amene analipo kuti zinayenda bwanji: anachirira kuti, anafika kuchipatala nthawi yanji, magazi anali nawo okwanira? Osati pofuna kupeza wolakwa. Nkhani yosadziwika bwino mutu umaimalizitsa wokha, ndipo umaimalizitsa moipa. Ukadziwa chimene chinachitika, nthawi zambiri umapezamo malo amene ulendo wako ungasiyane ndi wake.

Tsopano za kulira. Anamkungwi ndimawalemekeza, chisamba chinakhazikitsidwa kuti mtsikana asalowe m'chikuta ali mbuli, ndipo cholinga chimenecho n'chabwino. Koma penapake malangizo anasanduka ziopsezo. Kulira sikupha mwana. Ndabereketsa amayi oimba nyimbo za kwaya, otukwana amuna awo, oitana amayi awo amene anamwalira kalekale, ana n'kubadwa akulira bwinobwino. Chimene akuluakulu amafuna kunena n'chakuti mutu wa mwana ukafika pakhomo uzimvera mzamba, akati kankha ukankhe, akati puma upume. Chimenecho n'choona. Zinazo zisiye. Ndipo wina akadzanena kuti matenda akuchedwa chifukwa cha mapinga, kuti wina mwa inu anayenda njira yachidule, usadzatenge mlandu umenewo. Matenda amachedwa chifukwa cha mmene mwana wagonera, kukula kwa mutu poyerekeza ndi njira, kapena chiberekero kukoka mofooka, ndipo zonsezi achipatala ali ndi chochita nazo. Mwanamphepo kapena mankhwala ena alionse ofulumizitsa matenda usadzamwe, ngakhale akupatse ndi apongozi. Amatha kukokesa chiberekero mopyola muyeso mpaka kuphulika.

Pano ndiulule tchimo langa. Usiku wina ndili ndekha pantchito ndi amayi asanu ndi mmodzi, ndinakalipira mtsikana wa zaka 17 amene anakana kuti ndimuyeze. Ndinamuuza mawu omwewo, akuti ukufuna kupha mwana. Anangouma gwa, miyendo ngati mitengo, maso ali tong'o. Amene anapulumutsa zinthu ndi mayi wokolopa. Anaika mopu pansi, anamugwira dzanja n'kumuuza kuti, "Tiye tiziuzira phala limodzi." Anapuma naye pang'onopang'ono, ndipo patapita mphindi zochepa mtsikana uja anandilola. Ine wa satifiketi ndinaphunzira kwa wa mopu. Ndikukuuza izi kuti udziwe kuti anamwino okalipa alipo, nthawi zambiri chifukwa cha kutopa, ndipo ukakumana naye sindiye kuti walakwa ndiwe.

Kuuzira phala kumeneko uyambe lero. Kokera mpweya ndi mphuno ukuwerenga mpaka 4, tulutsa ndi pakamwa pang'onopang'ono ukuwerenga mpaka 6 kapena 8, mapewa ndi nsagwada zili lende. Mphindi khumi m'mawa, khumi madzulo, ngakhale uli pakauntala kudikira makasitomala. Chinthu chimene sunachizolowere pamtendere sungachikumbukire pamoto. Ululu wa matenda ndi weniweni, sindiuchepetsa, koma sukhala mosalekeza ngati wa dzino. Umabwera, umakwera, umatsika, pafupifupi mphindi imodzi, kenako pamakhala mpata wopuma, kumwa madzi, ngakhale kuseka. Khomo la chiberekero limatseguka mpaka masentimita 10. Pa mimba yoyamba chiyambi chimachedwa, mwina tsiku lathunthu la timaululu tapatalipatali, ndipo kumeneko si kulakwika kwa chilichonse. Likafika pa masentimita 5 zinthu zimafulumira, kawirikawiri sipadutsa maola 12 lisanatseguke lonse. Mayi uja unamumva akukuwa mwina anali m'mphindi zake zomaliza. Iwe unamva kukuwa n'kuthawa, sunamuone patapita ola limodzi akuyamwitsa, akufunsa ngati kunyumba abweretsa thobwa.

Mavidiyo a usiku uleke. Maganizo ako ofuna kuzolowera ndi olondola, njira yake ndiyo yalakwika. Amene amafalitsa mavidiyo aja amasankha zoopsa kuti anthu aonere, ndipo iwe umaonera uli wekha mumdima n'kuzimitsa pamene mantha afika pachimake. Mutu umaphunzira kuti "ndapulumuka chifukwa ndathawa", mawa lake mantha n'kubwera atanenepa. Akatswiri amachita mosiyana: masana, pang'onopang'ono, uli ndi munthu, ndipo suchoka mpaka mtima utatsika wokha. Tsiku loyamba ukangokhala pabenchi la kusikelo, ukuuzira phala lako, mpaka mantha ako, ngati anali pa 9, atsike kufika pa 5. Ulendo wotsatira ukapemphe mzamba kuti akakhala ndi mpata akuonetse mu leba, uone bedi, sikelo ya mwana, malo amene wokudikirira adzakhale. Ulembe m'kope manambala a tsiku lililonse. Ganizo likabwera pakati pa usiku, uliuze kuti nthawi yake ndi mawa 4 koloko madzulo, ndipo 4 koloko ikakwana ukhaledi pansi ndi kope kwa mphindi 15. Zikumveka ngati masewera, koma ndaona zikubwezera anthu tulo.

Wokudikirira usankhe wekha. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linanena mu 2018 kuti mayi aliyense azikhala ndi munthu wa kumtima kwake pa nthawi ya matenda. Kwathu kuno timasankha motsata ukulu, ndiye amapita ndi uja amene ali ndi nkhani zoopsa zambiri. Iwe usankhe wodekha, wodziwa kusisita msana, wotha kuyankhula ndi anamwino mwaulemu koma mosaopa. Apongozi angathe kudzakhala panja ndi mphika, palibe amene wanyozeka. Ngati kwanu n'kutali ndi chipatala, masabata omaliza ukakhale kuchidikiro.

Za opaleshoni. Ndi yopulumutsa moyo ikafunika, ndipo adokotala akadzati ikufunika usadzaone ngati walephera. Koma si khomo lothawira. Nthawi zambiri sagoneka munthu, amabaya pamsana ndipo umakhala uli maso. Magazi amatayika ambiri kuposa pochira wekha, chilonda chimatenga masabata, ndipo chipsera cha pachiberekero chimafuna kusamala pa mimba zonse zotsatira. M'zipatala za boma amachita pakakhala chifukwa cha chipatala. Nkhaniyi ukaikambe poyera ndi mzamba kapena dokotala, koma yamba wagwira ntchito ya m'kope ija masabata angapo. Ambiri amene ankandipempha mpeni pa miyezi isanu ndi iwiri ankafika mwezi womaliza atasintha okha maganizo.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ukafika kusikelo usangoti "ndili bwino". Unene mawu awa: "Ndili ndi mantha aakulu a kuchira, sindikugona, ndipo ndinaluza m'bale wanga pochira. Ndikufuna wondithandiza maganizo." Pachipatala chachikulu cha boma pamakhala anamwino ophunzira za matenda a maganizo, ndipo a St John of God ku Lilongwe ndi ku Mzuzu ali ndi alangizi a ntchito imeneyi. Kupita kumeneko sikutanthauza misala. Palinso Chipatala Cha Pa Foni, chimene chinayambira ku Balaka mu 2011. Mapiritsi ogonetsa ogula pagolosale kapena opatsidwa ndi mnzako usamwe. Ndipo ukaona kuti chakudya chakanika, ukungolira masabata awiri osaleka, kapena ganizo lodzipweteka labwera, usadikire tsiku la sikelo, upite tsiku lomwelo. Kupemphera usaleke. Ukamaliza, tenga kope.

Udzandilembere mwana akabadwa.

FUNSO

Anamwino, akazi anga ali ndi pakati poyamba ndipo tsiku lililonse amandiuza kuti sadzabwerako kuchipatala. Afika pondiuza amene adzalere mwana. Ndimawauza kuti asaope, zonse zikhala bwino, koma amangokwiya kuti sindikumvetsa. Nditani?

Bambo wothedwa nzeru, Zomba

YANKHO

Bambo, mwachita bwino kulemba, amuna ambiri amangothawira ku bawo. Mawu oti "usaope" mumanena ndi mtima wabwino, koma kwa mayi amamveka ngati "khala chete". Tayesani kufunsa kuti, "Chimene chikukuopsa kwambiri n'chiti?" kenako mutseke pakamwa mpaka amalize, ngakhale zitenge ola. Musatsutse, musalalikire. Muwerenge nawo yankho lili pamwambali, ndipo ulendo wotsatira wa kusikelo mupite nawo, mukanene pamaso pa mzamba zimene mwandiuzazi, makamaka zoti afika posankha wolera mwana. Mawu amenewo akufunika kuti munthu wophunzira za maganizo awamve ndi kufunsa bwino, chifukwa nthawi zina pansi pa mantha pamakhala matenda a kukhumudwa.

Mu leba mwina sadzakulolani, poti m'zipatala zambiri amayi angapo amachirira chipinda chimodzi. Koma mbali yanu ilipo ndipo mayi ayione ndi maso. Ndalama ya mayendedwe ikhale mu envelopu yakeyake, yosabwereka ngakhale kutagwa chiyani. Mukhale ndi nambala za oyendetsa galimoto awiri, osati mmodzi, ndipo muwafunsiretu ngati amadzuka usiku. Zitenje, beseni, tochi, sopo ndi buku la kuchipatala zikhale m'chikwama pofika mwezi wachisanu ndi chitatu, chikwamacho muchipachike pamene mayi amachiona akagona. Achibale amene amabwera ndi nkhani za amene anafera ku leba, ndinu woyenera kuwaperekeza pakhomo mwaulemu. Ndipo madzulo, m'malo mwa wailesi, mukhale nawo pamkeka muziwawerengera mpaka 4 ndi mpaka 8 pamene akuphunzira kupuma.